Bilu ya a Sipikala Inakagona ku Seneti

Amuna anga, a Lucious, anabwera ku South Bend mu 2009 kudzaphunzira. Sukulu itawakanika, anayamba ntchito yosamalira okalamba, ndipo mpaka lero ali pomwepo. Akaweruka amaonera Kongiresi, Nyumba ya Malamulo ya kuno, pa TV ngati mmene anzawo amaonera mpira. Kutchalitchi anawapatsa dzina loti a Sipikala, iwo n'kumakondwa! Uwafunse za mchere, akuyankha za filibasita, ati ndi pamene maseneta ena atsekereza nkhani kuti isafike povota. Ine ndinkangoti, "Bambo, idyani, chakudya chikuzizira." Koma ndisaname, ndinkawanyadira.

Tili ndi mnzathu ku Lawrence, ku Indianapolis, mayi Evelina. Mapepala awo okhalira kuno anatha kalekale, ndiye akangotuluka m'dziko muno sangabwererenso. Mwana wawo Chawezi anamusiya ku Zomba ali ndi zaka zisanu, pano ndi namwali. Kutabwera bilu ina yoti ithandize anthu ngati iwowo, a Lucious anaitsatira tsiku ndi tsiku. Masana ena ndinangomva akukuwa pabalaza: "Flora! Bilu yapasa!"

Ine osafunsa n'komwe, foni kukhutu. "Mayi Evelina, pakirani zikwama! A Sipikala akuti zatheka, kwangotsala Pulezidenti kusaina." Mayi aja analira pafoni pomwepo. Tsiku lomwelo anamuimbira Chawezi kuti Khirisimasi adyera limodzi.

Abale inu! Bilu ija inali itangodutsa m'nyumba imodzi. Kwathu Nyumba ya Malamulo ndi imodzi, aphungu akavomereza basi, ipite kwa Pulezidenti. Kuno n'ziwiri. Inafunika kupitanso ku Seneti, ndipo kumeneko inakalowa mukomiti n'kugona momwemo osavoteredwa. A Lucious ankazidziwa bwinobwino zimenezi, koma chimwemwe chitawagwira mutu unabwerera ku Lilongwe. Anazindikira tsiku lomwelo, manyazi n'kuwatseka pakamwa. Anadzandiululira patatha masabata asanu.

Ndinapsa mtima, koma manyazi anga anaposa, pajatu wothamangira foni ndinali ine. Ndinati, "Kwerani galimoto. Izi si zonena pafoni." Tinayenda maola awiri ndi theka mpaka ku Indianapolis.

Tinapeza zikwama ziwiri zotsegula pabalaza, muli nsapato, madiresi ndi mafuta odzola a Chawezi. Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

A Lucious anayamba, "Mukudziwa mayi, malinga ndi dongosolo la Seneti..."

"Bambo, nenani zomveka," ndinawadula.

Anazyolika. "Ndinalakwitsa, mayi. Bilu ija yaima. Ulendo palibe."

Mayi Evelina sanakalipe, bola akanakalipa. Anatseka chikwama chimodzi pang'onopang'ono, anatenga foni, n'kuimba. Itayankhidwa anaipereka kwa amuna anga.

"Chawezi ndi uyu. Mumuuze ndinu, a Sipikala. Mawu ofotokozera zimenezi mumawadziwa ndinu."

A Lucious anailandira ndi manja awiri. Tonse tinamva kamawu kuchokera ku Zomba: "Halo, amama? Mwagula tikiti?"