Chithunzi Chopita ku Phalombe

Mkazi wanga atamwalira, akuchikazi anafuna kutenga mwana. Kwawo ku Phalombe mwana ndi wa kwa mayi, ndipo ine ndinkadziwa zimenezi pokwatira. Pokambirana maliro atatha, malume ake a malemu anandilola kukhala naye ku Bangwe, poti anali atayamba kale sukulu yamkaka. Anangolamula kuti mwezi uliwonse ndizitumiza chithunzi pa foni ya mlamu wanga, kuti apongozi aziona mmene mdzukulu wawo akukhalira.

Kujambula sindinkakudziwa. M'nyumba mwathu wojambula anali mkazi wanga. Lachisanu lina nditaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinamusambitsa mwana, kumudzoza mafuta, n'kumuveka diresi lake lakutchalitchi. Ndinamuimika pabwalo dzuwa likuswa mtengo. Ndinaima patsogolo pake, kudina kamodzi, n'kutumiza.

Lisanathe ola mlamu anaimba. Chapatali ndinkamva apongozi akulira. Akuti mwana wanyentchera, mutu wakula, miyendo yatsala ngati bango, maso alowa m'kati. Akuti Loweruka la sabata yamawa abwera ndi malume kudzamutenga.

Mwanayo anali pakhonde akudya chigumu, masaya ali bwinobwino. Ndinayang'ananso chithunzi chija. Apongozi sananame.

Kutchalitchi kwathu kuli bambo wina wachikulire wa ku Nsanje amene amajambula maubatizo ndi maukwati. Lamulungu Misa itatha ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, kamera ili m'khosi. Ndinawapatsa foni osafotokoza zambiri.

"Aphunzitsi, mwanayu anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, madala."

"Nanga mwamujambuliranji ngati mbava yogwidwa mumsika wa Limbe?"

Anandiuza kuti dzuwa lamasana limakumba maso, ndiponso kuti mafuta ndinachulutsa, chipumi chikuwala ngati malata atsopano. Koma vuto lalikulu linali loti ndinajambula chiimire.

"Inu ndinu wamtali, iyeyu ali ndi zaka zinayi. Foni ikayang'ana pansi, mutu umafufuma, miyendo imatha. Ngakhale ineyo mutandijambula muli padenga, kwathu angayambe kusonkha nkhuni za maliro. Kumakolejiko sakuphunzitsani zimenezi?"

Ndinazolowera kuti cholembera chofiira chizikhala m'manja mwanga, ndipo amayi awiri akwaya anali ataima pafupi n'kumaseka. Ndisanalande foni, madala aja anali atabwerera kale ku zithunzi zakale.

"Nanga izi anajambula ndani?"

"Mayi ake."

"Awa ndiye akudziwa. Taonani, maso a mwana ndi foni zili pamzere umodzi. Ankagwada amenewa. Muziwasiyira okha azijambula, inu muzingowanyamulira chikwama."

"Anatisiya."

Anandibwezera foni ndi manja awiri.

"Pepani, bambo. Sindimadziwa."

Kenako anati amujambule okha mwanayo ndi kamera yawo. Ndinakana. Ndinawauza kuti agogo ake a mwana akufuna chithunzi mwezi uno, mwezi wamawa ndi miyezi yonse yotsatira, ndiye ndi bwino ndidziwe ndekha.

"Ndiye gwadani pompano," anatero.

Ndinagwada pafumbi ndi thalauza la suti. Iwo anamukhazika mwana pamuzu wa mango uja, mumthunzi, n'kumuuza kuti asaime njo ngati msilikali. Mwanayo ataona bambo ake ali pansi anayamba kuseka. Ndinazindikira kuti kuyambira tsiku la maliro nkhope yake ndinkangoionera pamwamba, pomusambitsa, pomupatsa chakudya, pomuwolotsa msewu. Dzino lake lina lam'mwamba linali lobenthuka pang'ono, ndipo sindinkadziwa kuti linabenthuka liti.

Ndinajambula zambiri, madala akukana chimodzichimodzi. China ndinadula mapazi. China kumbuyo kunali chimbudzi cha tchalitchi. China mtengo wa magetsi unkaoneka ngati wamera pamutu pa mwana.

"Ichi bola," anatero pomaliza. "Chapendama, koma agogo saona zimenezo."

Ndinatumiza. Lolemba m'mawa anaimba apongozi eniake, pa foni ya mlamu.

"Apongozi, uyu ndi mwana yemwe uja?"

"Yemweyo, amayi."

"Ndiye mwamudyetsa chiyani masiku awiri okha?"

Ndinayamba kufotokoza za dzuwa ndi kugwada, koma anandidula.

"Tsitsilo akumupesa ndani?"

"Ndine."

"Zikuoneka."

Loweruka anabwerabe, koma okha, malume sanabwere. Anamuyang'ana mwana m'maso ndi m'zikhatho, kumutsina mikono, n'kumunyamula kuti amve kulemera kwake. Anatsegula kabati kuona zovala. Masana onse anakhala pamkeka akumuluka tsitsi, ine ndili pampando chapatali ndikuchonga makope. Za kumutenga sanatchule, inenso sindinafunse.

M'mawa mwake tinawaperekeza kudepoti ku Limbe. Atakhala pawindo la minibasi anandikodola.

"Mwezi wamawa pachithunzipo mudzakhalepo nanunso," anatero. "Mwaonda ndinu."

Minibasi itanyamuka ndinamugwira mwana dzanja, tinawoloka kukakwera ya ku Bangwe.