Udzu wa Padenga la Khitchini

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Pasikimu yonse ya ulimi wothirira amawatcha Anakiyi, chifukwa kiyi wa geti la madzi amamuvala m'khosi, ndipo ngakhale kumaliro amapita naye. Ntchito yawo ndi kutsegula madzi a m'damu, kuwaperekeza m'ngalande n'kumagawira munda ndi munda. Anaiyamba ali ndi mwana kumsana, pano mwanayo ali ndi ndevu.

Kale damu linkasefukira, anthu n'kumathirira ngati akuchapa nthaka. Koma mvula inasintha khalidwe. Imabwera mochedwa, kugwa mwaukali, n'kuchoka osatsanzika. Chaka chino madzi anaphwa mpaka pakati pa damu panatulukira chitsa chimene Anakiyi anali asanachionepo. Anachita mantha, ndipo sanabise.

Anaitanitsa alimi onse n'kuwakumbutsa kuti nkhanga zinapangana kusanapse. Anagwirizana kuti madzi azitsegulidwa m'mamawa mokha, dzuwa lisanakalipe, ndipo bedi losaphimbira ndi udzu lisamalandire ngakhale dontho, poti dothi lapamtetete limauma mwiniwake asanafike n'kunyumba komwe. Onse anagwira zikwakwa kupita kutchire, kupatula munthu mmodzi: amuna awo a Anakiyi.

Bambowa ndi katswiri wa tomato, koma makani awo ndi osasimbika. Ankati udzu umaitana chiswe, ndipo malemu bambo awo anakalamba osaphimbirapo bedi. Chimene ankadalira, tisanamizane, n'chakuti kiyi amagona m'nyumba mwawo.

Tsiku la madzi litafika, Anakiyi anaima pamunda wa pakhomo pawo pomwe. Alimi ena anaimika makasu kuti aone. Mbewu imeneyo anafesa okha mayiwa, ndipo inali itayamba maluwa. Mtima unawawawa, komabe anadutsa.

"Amayi, mwadumpha munda," anatero amuna awo.

"Ndauona, abambo. Sunaphimbiridwe."

"Tomato ameneyu adzadyetsa ndani, si inu nomwe?"

"Ndikudziwa. Koma ndikatsegula pano, mawa ndidzakaniza ndani?"

Kunyumba kunazizira ngati kwagwa maliro. Bambo ankayankhula ndi nkhuku, akazi awo osawayang'ana n'komwe. Kumunda masamba anayamba kulendewera, maluwa kuyoyoka. Ataona kuti zafika pamwana wakana phala, bambo anatenga chikwakwa mwakachetechete. Anapeza anzawo atamweta udzu wonse, wotsala utapsa ndi moto wolusa. Mapesi nawo ng'ombe zinali zitamaliza. Anabwerako chimanjamanja, ndipo onse awiri ankadziwa kuti tomatoyo akaphonyanso madzi a mawa lake, kwake kwatha.

Anakiyi analira kuseri kwa nyumba, kulira kwenikweni, poti ndiwo ndi sopo wa chaka chonse zinali m'mabedi amenewo. Atatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kiyi sanamuvule.

Kutacha analawirira kudamu, natsegula geti, n'kumatsika ndi madzi munda ndi munda, kwinaku akuchedwetsa dala mapazi. Atayandikira munda wawo anamva fungo la utsi. Mabedi onse anali ataphimbiridwa bwinobwino, koma ndi udzu wakuda bii, wamwaye. Anauzindikira msanga, poti anauyang'ana zaka zambiri ali chogwada pamoto. Amuna awo anakhala pamphepete pa ngalande, malaya ali mbuu, nkhope ngati wootcha makala.

"Abambo, mwasasula denga la khitchini?"

"Limatchinga mvula yake iti?" anayankha osatukula mutu. "Chiswe chikabwera mudzachiyankha ndinu. Tsegulani madzi."

Anakiyi anawerama n'kuchotsa dothi lotseka kangalande kolowa m'mundamo. Madzi analowa pansi pa udzu, ndipo mayiwa anaima pomwepo mpaka madziwo anafika ku bedi lomaliza. Masana amenewo anaphika pansi pa mapaso okhaokha, dzuwa likuwaotcha pamsana, ndipo sanadandaule.