Ndinawerenga Mwana Ali Kumsana

Pa mzere wathu wa nyumba za antchito a ku tiyi, wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha. Sukulu ya mishoni ndinangopitako zaka zitatu.

Chaka chimenecho amuna anga anabatizidwa mumtsinje ndi alaliki ochokera ku Khonjeni, amene ankaphunzitsa kuti Mesiya si Mulungu, koma mtumiki wamkulu wolengedwa ndi Mulungu. Mwana wathu wamkazi anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Loweruka anayamba kutentha thupi ine ndikuthyola tiyi, kapitawo n'kukana kuti ndiweruke.

Lamulungu masana amalume anga, mkulu wa mpingo ku mishoni, anafika wapansi kuchokera ku Masambanjati. Anadzatenga mwanayo kuti akabatizidwe, kenako akaonedwe kuchipatala cha komweko.

"Mankhwala inde," anatero amuna anga. "Koma madzi anuwo ayi. Mukam'batiza m'dzina la milungu itatu."

"Akamwini, mbumbayi ndi yanga," anayankha amalume. "Ubusa mwauyamba liti, inu amene dzina lanu lomwe mumadinda ndi chala?"

"Ndiye atiwerengere odziwawo. Amake mwana, tengani Buku."

Ndinakhala pansi pakhonde, mwana ali kumsana. Amalume ananditsegulira pamene mneneri akunena za mwana wodzabadwa, amene adzatchedwa Mulungu. Ndinawerenga moloza ndi chala.

"Mwamva, akamwini?"

"Ndamva. Tsopano apeze pamene akum'tchula mtumiki. Mulungu angadzitume yekha? Angadzidzoze yekha mafuta?"

Ndinapeza, n'kuwerenga. Amalume anandibwezanso koyamba kuja. Anthu a pa mzere anali atasonkhana, ena akuseka, maso onse ali pa ine.

Kutentha kwa mwana ndinkakumva kudutsa nsalu. Kenako timanja take tinaleka kugwira m'nthiti mwanga. Ndinafuna kunena kuti tiyeni tizipita. Koma chibadwire sindinadulepo mawu a amalume, ndipo pakamwa panga pankangotuluka mawu a mneneri okha.

Mayi wa nyumba yoyandikana ndi amene anaona mutu ukulendewera. Anandilanda Buku, n'kumasula mbereko.

Tinamuika m'mawa mwake, kumapeto kwa munda wa tiyi, pansi pa mibulugamu. A ku mishoni sanayimbe chifukwa anali wosabatizidwa. Anzawo a amuna anga sanabwere n'komwe. Amayi atatu okha anang'ung'udza nyimbo ya Chilomwe.

Lachitatu ndinabwerera kokathyola. Dengu linakhala kumsana, pamalo pa mwana penipeni, ndipo ndinadzipeza ndikuligwedeza.

Amalume ndi amuna anga salankhulana mpaka lero. Aliyense amati mnzake ndiye anachedwetsa. Ine palibe anandifunsapo kanthu. Buku lija lili pansi pa mphasa, sindinalitsegulenso. Ndikagwada kuti ndifunse ngati mwana wanga analandiridwa kumwamba, ndimasowa woti ndim'tchule, Mulungu kapena mtumiki, ndiye ndimangodzuka.