Mtsuko Wosalowa Dzanja

A Nambewe, amene ankaumba mbiya m'mudzi mwathu kufupi ndi Malomo, anali mayi wosamva zonena anthu. Mjigo utakumbidwa, chaka chotsatira chisankho cha matipate, tinasiya kutunga kumtsinje kumene mvula inkakokolerako zonyansa za kutchire. Koma ana sanaleke kutsegula m'mimba. Mdzukulu wa a Nambewe atagonekedwa kuchipatala, namwino anawauza kuti madzi amachoka kumjigo ali abwino, koma tizilombo ta m'chimbudzi timalowa mumtsuko ndi manja athu omwe tikamapisa chikho.

Atabwerako anayamba kuumba mitsuko ya kukamwa kochepa, yoti madzi uzichita kupendeketsa. Woyamba kukalipa ndinali ine.

"Amayi, mtsuko wanji umenewu? Ngakhale dzanja la mwana silikulowa!"

"N'chimene ndikufuna," anayankha osadzutsa mutu. "Lanulo lachokera kuti? Si inu mwangomusintha thewera mwanayo?"

"Nanga tizitsuka bwanji?"

"Thiranimo mchenga ndi madzi, mukhutchumule."

Azimayi ambiri anakagula mitsuko kumsika, koma a Nambewe sanasinthe kaumbidwe. Ine ndinatenga monyinyirika, chifukwa wanga unali utasweka. Dzinja limenelo Tamandani wanga, amene mvula ikangoyamba ankakhalira kudwala, sanatsegule m'mimba.

A Nambewe anatisiya kalekale, koma mtsuko uja ukadali pakona m'nyumba mwanga. Ana a Tamandani akabwera amalimbana nawo, kuyesa kupisamo timanja tawo. Mpaka lero dzanja silinalowemo ndi limodzi lomwe.