Mapazi a Apongozi

Ine sindine wansembe ayi, ntchito yanga ndi yokhoma maboti a matabwa. Koma kutchalitchi kwathu, kanthambi kakang'ono kumtunda kwa Malindi, ansembe akalephera kubwera mapemphero ndimatsogolera ndine. Chaka chimenecho, Lachinayi Loyera, mtsinje unadzaza ndipo njinga yawo yamoto sinathe kuwoloka. Anandiimbira foni: "Musambitse anthu mapazi ndinu. Mukumbuke kuti Ambuye anagwada pamaso pa aliyense."

Ndinavomera msanga. Kugwada n'chiyani kwa munthu amene amaswera chogwada pansi pa boti?

Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga. Apongozi anga aakazi ndi ine tinkaopana monga mwa mwambo. Sitinkadyera pamodzi kapena kupatsana chanza, ngakhale kuyang'anana m'maso. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva zonse. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo ndinkanyadira kuti pamudzi ponse palibe mkamwini wosunga mwambo ngati ine.

Masana amenewo tchalitchi chinadzaza. Oti asambitsidwe anali atakhala kale pa benchi yakutsogolo, abambo mbali ino, amayi mbali inayo. Amayiwo anawasankha ndi anzawo a m'chigwirizano cha amayi a mpingo, ine sindinafunse kuti ndi ndani. Ndinamanga thawulo m'chiuno, n'kuyamba. Mapazi a asodzi, abale, ming'alu yake! Ndinathira madzi, kupukuta, kusuntha beseni, kwaya ikuimba. Mumtima ndinkamva bwino ndithu, ndikuti kudzichepetsa kuja ndi kumeneku.

Nditafika kumapeto kwa benchi ndinaona mapazi ang'onoang'ono, oyera mbee, atagundana. Ndinakweza maso pang'ono. Mayo ine! Apongozi.

Mutu unaima. Ndigwire phazi la apongozi, ine? Pamaso pa mudzi wonse? Kumbuyo ndinamva anyamata a kwaya akutsinana, wina kuseka kukumutsamwa. Mawu a ansembe ankati gwada pamaso pa aliyense. Mawu a malume anga, amene anandiperekeza pa chinkhoswe, ankati mkamwini wogwira apongozi ndi wopanda mwambo, ndi galu. Onsewa ankandiuza kuti ndidzichepetse, koma wina ankati gwira, wina ankati usayerekeze. Nanga munthu atani?

Apongoziwo nkhope anali ataiphimba ndi mpango. Ndinaganiza kuti akufa ndi manyazi, kuti anzawo awakakamiza, ndipo akupemphera kuti ndiwadumphe. Choncho ndinawerama mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda simenti, ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kunyamula beseni langa kubwerera kuguwa. Madzi sanawakhudze.

Titatuluka, anthu anagawikana. Akuluakulu ena anandigwira chanza, amati ndine mwana woleredwa. Mayi wina wa chigwirizano anandilasa pamaso pa anthu: "Atsogoleri, Yesu anadumpha ndani?" Ndinamuyang'ana ngati mbuzi yomwe yamva bingu.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusankha usipa palichero, osandiyang'ana.

"Mayi a ana, ndalakwa kapena ndakhoza? Ndiuzeni, mutu wanga sukugwira."

"Mukufunsa ine? Atsogoleri ndinu."

"Ndawasungira ulemu amayi. Anzawo aja ndi amene alakwa powaika pamenepo."

Anaika lichero pansi. "Ndani wakuuzani kuti anawaika? Anapempha okha."

"Okha?"

"Atangomva kuti ansembe sabwera, kuti musambitsa ndinu, anapita kukachonderera malo. M'mawa wonse anali kunyanja, kukwecha zidendene pamwala mpaka kutuluka magazi, ati musavutike ndi litsiro lawo."

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo. Mpaka lero ndikamva ulaliki wa kudzichepetsa ndimasokonezeka, chifukwa tsiku limenelo ndinawerama kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga, ndipo sindikudziwa ngati ndinatumikira munthu. Apongozi sanadzakhalenso pa benchi ija, ngakhale zaka zimene osambitsa anali ansembe eniake.

Ndinamufunsa mkazi wanga kuti chimene ankafuna amayi n'chiyani kwenikweni. Anayamba wapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Anati, 'Ine sindinabereke mwana wamwamuna. Kunja kuno ndi mkamwini, sindingamuyandikire. Koma m'nyumba ya Mulungu, kamodzi kokha, ndimve dzanja la mwana wanga.'"