Dzina lanu sanalitchule, Ababa

Ababa, lero kutchalitchi kwathu ku Malowera amawerenga mayina a anthu amene anadzutsa mpingo titabwerako ku Zambia nkhondo itatha. Ndinatchera khutu mpaka dzina lomaliza. Lanu panalibe. Anatchula ngakhale wogula golide wa ku Fingoe amene wapereka malata dzana lomweli.

Ine ndinalipo Lamulungu loyamba lija. Udzu wa panjira yopita kutchalitchi chakale tinali titautentha, komabe tonse tinangoima kumsewu kuopa mamina, mabomba aja ankakwirira pansi. Abusa anati tingopempherera pomwepo. Inu munavula nsapato kuti mapazi azioneka bwino paphulusa, n'kunena kuti, "Nditsogole ine. Aliyense aponde pomwe ndaponda. Mukamva kuphulika, mubwerere m'mapazi momwemo." Amayi anakugwirani malaya, inu n'kuwachotsa dzanja. Tinakutsatani pamzere mpaka tinakaimba m'kati mwa zipupa zopanda denga.

Anthu omwewo ndi amene anadzakuletsani Mgonero chifukwa munasunga pakhomo mkazi wa malemu mng'ono wanu ndi ana ake, ati ndi mitala. Akanalowera kuti, mudzi wakwawo utapsa? Pamaliro anu ngakhale kwaya sinabwere. Lero ndafunsa mkulu wa mpingo, iye akuti, "Amayi, zakale zisiyeni." Zakale? Njira imene amadzera Lamulungu lililonse ndi nsapato zawo zonyezimirazo munaitsegula ndinu, opanda kanthu kuphazi. Ngati dzina lanu likuwalemera pakamwa, akatsegule yawo.