Madzi a pa Chipata cha Khola

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene wandisunga kufikira imvi zino, ndipo sanandilange monga mwa zimene lilime langa linachita. Ndithokozenso akhristu anzanga a pa mlaga wathu kuno ku Mlangeni, amene timasonkhana nawo Lachitatu lililonse kuwerenga Malemba. Anandipirira m'chaka chimene ndikufuna kukamba pano, ndipo ena mwa iwo anatsogola kale.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene. Ine ndinali mayi wamasiye, ndikulima kachewere ndi chimanga, ndi ng'ombe zinayi zimene malemu amuna anga anandisiyira. Tsiku lina m'nyengo yozizira kunafika bambo wokalamba, wovala jasi lalitali, atanyamula sutikesi yomanga ndi chingwe. Anaima pabwalo n'kutchula dzina la mayi anga. Anali atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, amene anapita ku Joni ine ndikuyamwa n'kutchona komweko. Kalata yawo inabwerapo imodzi yokha, yonena kuti asiya mgodi, akuweta ng'ombe pa famu ya mzungu. Kuchokera apo kunali zii.

"Mwachedwa," ndinawauza. "Alongo anu tinawaika m'manda zaka zitatu zapitazo."

Anavula chipewa n'kukhala pansi pakhonde. Ndinawapatsa kanyumba ka mwana wanga amene anali atasamukira ku tauni. Ndinawalandira chifukwa Malemba amatilamula kulandira alendo, koma mtima wanga sindinawatsekulire, ndipo chifukwa chake chinalipo.

Ndili kamtsikana, agogo anga aamuna, bambo awo a atsibweniwo, anatopa nako kudikira mwana wawo. Analamula kuti pafululidwe mowa wokathira pa chipata cha khola, monga ankachitira makolo athu Angoni akafuna kupempha kanthu kwa mizimu. Ndimakumbukira bwino. Kunali m'bandakucha, agogo atagwada, chikho chili m'manja, akuthira pansi pang'onopang'ono uku akuitana akufa m'Chingoni chimene ife ana sitinkachimva. Wofulula mowawo anali mayi anga, poti sakanatha kuwakanira bambo awo. Mpingo utamva unawadula. Zaka ziwiri zathunthu, nthawi ya Mgonero ikakwana, mayi ankatuluka m'tchalitchi n'kukakhala pansi pa mtengo wa mkungudza, ine ndili pambali pawo. Anadzabwezeredwa, koma manyazi aja anapita nawo kumanda. Ndipo atsibweni, amene mowawo unathiridwa kuti mizimu iwabweze, sanabwere.

Ndiye atsibweni atanditsatira ku tchalitchi Lamulungu loyamba, ine diso linali pa iwo. Baibulo lawo linali la chilankhulo cha komweko, lokulunga m'kansalu koyera. Lachitatu pa mlaga ankakhala kumbuyo, ndipo wina akayamba kuwerenga ndime, milomo yawo inkatsogola kuimaliza. Amayi anzanga ankagwedeza mitu, amvekere muli ndi mwayi, mwalandira mlaliki pakhomo. Ine mumtima ndinkati ngakhale woyesa uja m'chipululu Malemba ankawadziwa pamtima.

Patapita miyezi iwiri anapempha kuti azidya nawo Mgonero. Mkulu wa mpingo woyang'anira mlaga wathu, bambo wanthabwala amene tinakulira limodzi, anabwera kunyumba kudzacheza nawo.

"Kalata ya ku mpingo wanu ilipo, atsibweni athu?"

"Kumene ndinali kunalibe wolemba makalata. Tinali amuna asanu ndi awiri a kuno kumudzi. Mlaliki ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, ndiye anandibatiza."

"Wa mpingo uti?"

"Wa Ambuye omwewa."

Mkulu uja anaseka. "Ambuye safuna chidindo, koma abusa amachifuna."

Kenako anafotokoza kuti kalata ikasowa, bwalo la mpingo limatha kumulandira munthu ngati mkhristu wokhala naye pakhomo wamuchitira umboni. Popanda umboni, munthuyo amayamba kalasi ngati wongotembenuka kumene, zaka ziwiri. Onse awiri anayang'ana ine. Mgonero unali utatsala masabata atatu.

Ndinayamba kufufuza. Akabwera kuchokera ku msika ndinkawayandikira ngati ndikuwalandira jumbo, chonsecho ndikununkhiza kachasu. Akamasamba m'manja ndinkayang'ana pamikono ngati pali mphini zatsopano. Tsiku lina posesa m'kanyumba kawo ndinamasula chingwe cha sutikesi, ndikuyembekeza kupeza chithumwa kapena chithunzi cha mkazi ndi ana amene anawathawa. Munali malaya atatu, lezala, ndi chithunzi cha amuna ataima pafupi ndi ng'ombe. Ndikumanganso chingwecho, ndinamva kutsokomola pakhomo.

"Golide ndinasiya ku mgodi, mayi. Mukanandifunsa ndikanakuuzani."

Ndinati ndimafuna zovala zoti ndichape. Anandipatsa malaya amodzi, ochapa kale.

Chimene ndinkafuna ndinachipeza mosayembekezera. M'mawa uliwonse ndinkamva chitseko chawo chikulira kusanache, ndipo ndinkayesa akupita kuseli. Tsiku lina ndinalawirira kuti ndikathirire kudimba. Kunali chifunga. Ndikudutsa pa nkhokwe ndinaona munthu atagwada pa chipata cha khola, atavula nsapato, atandifulatira. M'dzanja munali chikho. Ankathira pang'onopang'ono, ndipo ndinamva kudontha kwake pa dothi. Atatero anawerama n'kuyamba kulankhula chapansipansi, mawu ake omveka ngati Chingoni chija. Malo ake anali omwe aja. Ngakhale mapewa anali a agogo.

Anali atsibweni. Ndinabisala kuseli kwa nkhokwe mpaka atachoka, kenako ndinakatapa dothi lonyowalo n'kulinunkhiza. Silinkanunkha mowa. Koma ndinadziyankha ndekha kuti ena amathira ufa wosungunula m'madzi, ndipo munthu wochenjera sangathire chinthu chonunkha pakhomo pa mkhristu. Ndinabisalanso mawa lake, ndi mkuja wake. Zinali chimodzimodzi.

Zonse zinalumikizana m'mutu mwanga. Mizimu inaitanidwa kuti imubweze, yamubweza, tsopano akuithokoza. Baibulo lija n'chophimbira. Ndipo khola ndi langa. Mnansi mmodzi yekha akaona, wodulidwa ndikhala ine, n'kukakhala pansi pa mkungudza pamene ankakhala mayi.

Mkulu wa mpingo ndinakamupeza kumunda kwake akusankha kachewere wa mbewu. Ndinamuuza zonse. Anamvetsera osasiya ntchito.

"Eni akewo mwawafunsa?"

"Ndifunsenji poti ndaona ndi maso anga, katatu?"

"Mayi, ndime yake mumaidziwa kuposa ine. Mbale akalakwa timayamba tapita kwa iye, awiriwiri."

"Ngati ali mbale. N'chimene tikufufuza."

Anapukusa mutu. "Chabwino. Za kukholazo sindikazitchula ku bwalo, poti mboni ndinu nokha. Ndikangonena kuti umboni palibe."

Bwalo linakhala, ndipo linagamula kuti atsibweni ayambe kalasi.

Lamulungu la Mgonero, abusa atalengeza kuti osadya nawo atuluke, atsibweni anaimirira ku mbali ya abambo, anatenga chipewa n'kutuluka limodzi ndi ana. Pamene ndinakhala panali pafupi ndi zenera. Ndinawaona akuyang'anayang'ana pokhala, kenako n'kukakhala pa muzu wa mkungudza uja. Komabe ndinadzilimbitsa kuti ndateteza gome la Ambuye.

Pobwerera tinayenda ndi atsibweni mpaka pa mlatho wa mitengo. Pamenepo anati, "Ndamva kuti umboni mwakana. Chifukwa chake sindikufunsani. Koma mawa musakaimenso kuseli kwa nkhokwe, kumazizira kumene kuja. Chifuwa chanucho chikudzidzimutsa ng'ombe. Mudzabwere pafupi."

Ndinachita manyazi, koma mantha ndiwo anakula. Ndinaganiza kuti akufuna kundilowetsa mu nsembe yawo kuti ndisadzathenso kuwaneneza. Ndinapemphera, ndipo m'bandakucha ndinapita nditakumbatira Baibulo langa pachifuwa, nditatsimikiza kuti akangotchula dzina la wakufa ndiyamba kuimba nyimbo ya Mulungu mokweza mpaka mudzi wonse udzuke.

Ndinawapeza atagwada kale. Anandipatsira chikho.

"Poti lero tilipo awiri, ndithireni ndinu. Ndekha ndimavutika, dzanja limodzi limathirira linzake."

Anatambasula manja onse awiri. Ndinasuzumira m'chikhomo, ndinanunkhiza, ndinaviikamo chala n'kulawa. Iwo anangodikira. Anali madzi a pa mjigo. Ndinathira, anasamba m'manja bwinobwino mpaka m'zikhadabo, anapukuta ndi kansalu koyera kaja, ndipo pamenepo m'pamene anagwira Baibulo.

"Ku famu kuja," anatero, "mwini wake sankalola kuti tizisonkhana ku komboni. Malo okha amene amuna asanu ndi awiri akanakhala pamodzi osafunsidwa anali kukhola, tisanayambe kukama. Baibulo linali limodzi, ili. Mwini wake anali mdala wina wa ku Nsipe, wovuta ngati inuyo. Ankati palibe wogwira Mawu a Mulungu ndi manja a ndowe. Ndiye aliyense ankasamba pachipata. Anzangawo anatha mmodzimmodzi, buku n'kutsalira ine. Ndayesa kugwada m'nyumba muja, pemphero silituluka. Ndinazolowera kupemphera ng'ombe zikupuma pambali."

Anatsekula, anawerenga m'chilankhulo chija, kenako anandimasulira. Inali nkhani ya mwana amene anapita ku dziko lakutali. Nkhaniyo ndinali nditaiphunzitsapo amayi kangapo, koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti ine ndine mkulu wake uja, woima kunja atakwiya.

Ndinawauza zimene ndinkaganiza. Ndinawauzanso za agogo, za mowa, ndi za mayi. Ndinkayesa kuti akudziwa, koma panalibe amene anawauzapo. Anayang'ana dothi lonyowalo.

"Mlongo wanga anadulidwa chifukwa cha ine?"

"Zaka ziwiri."

"Ankakhala pati?"

"Pamene munakhala dzulo."

Anakulunga Baibulo m'kansalu kake. "Ndiye kalasiyo ndilowa. Musakandidandaulire kwa akulu."

Sindinawamvere. Tsiku lomwelo ndinapita kwa mkulu wa mpingo kukaulula kuti ndinaneneza munthu wosalakwa. Iye anati, "Mwayenda masabata atatu ulendo wa mapazi khumi, kuchoka pa nkhokwe kufika pa khola." Analonjeza kuti akaibweza nkhaniyo ku bwalo, ndipo abusa anavomera kuimvanso. Koma atsibweni atafunsidwa anakana. Anati sakulipira tchimo, pakuti limenelo analipira ndi Ambuye, koma akufuna adziwe mmene mlongo wawo ankamvera nyimbo ya Mgonero ali panja. Ndinawachonderera kawiri. Kachitatu anandiuza kuti ndikapitiriza akauza amayi a pa mlaga za sutikesi ija.

Anaphunzira zaka ziwiri zonse, nkhalamba ya imvi pakati pa achinyamata, akuloweza mafunso ndi mayankho m'Chichewa chimene chinali chitayamba kuwathawa. Mgonero uliwonse ine ndinkadya mkati iwo ali pa muzu paja, ndipo ulendo uliwonse ndinkadziwa kuti wawaika pamenepo ndine. Lachitatu lina ndinaimirira pa mlaga n'kunena zonse pamaso pa anzanga. Mayi wina wachikulire anati akanakhala iye akanaganizanso chimodzimodzi, poti tonse kuno tinakula tikudziwa tanthauzo la chikho pa chipata cha khola. Mawuwo sananditonthoze. Kukayika sikunali kulakwa kwanga kwenikweni. Kulakwa kunali kuti ndinakonda kubisala kuposa kufunsa, ndime yake ndikuidziwa.

Zopemphera kukhola anasiya okha. Anati ngati ine ndinakhumudwa nazo, wodutsa ndi njira angakhumudwenso. Tinayamba kupemphera pakhonde langa, pamene ng'ombe zinkamvekabe kupuma, ine ndikuwathirira madzi pa beseni. Pakhonde pamenepo ndinaphunzira Malemba ambiri kuposa zaka zanga zonse za m'mbuyo, iwo akuwerenga m'buku lawo, ine m'langa, n'kumatsutsana mpaka dzuwa kutuluka.

Tsiku limene analandiridwa ndinawayang'ana kuchokera ku mbali ya amayi. Mbale ya mkate itawayandikira anatulutsa kansalu kaja m'thumba la jasi n'kupukuta manja kaye. Anadya nawo Mgonero zaka zinayi asanatisiye. Baibulo lawo lili ndi ine. Sinditha kuliwerenga, koma sindiligwira osasamba m'manja.

Mtima wokayika uja sunathe. Mlendo akalowa m'tchalitchi ndimadzipezabe ndikumuyang'ana pamikono. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndimanyamuka n'kukamupatsa moni, ndipo ngati pali chondivuta ndimamufunsa iye mwini.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni pa makomo panu ndi m'mipingo yanu. Akupatseni maso oona bwino, ndi kulimba mtima kopita kwa mbale wanu musanapite kwa akulu. Wanu aliyense amene anatchona kutali amubweze muli moyo, ndipo akafika apeze malo pa gome la Ambuye. Mtendere wa Mulungu ukhale nanu, inu ndi ana anu. Ameni.